TISADYE MPAMBA WA AMALONDA ATHU

Mlimi wanzeru, ngakhale njala ivute chotani, sakazinga chimanga cha mbewu. Amachipachika kudenga pamwamba pa moto kuti utsi uchiteteze kwa anankafumbwe, ndipo ana akalira amawafunira zina, pakuti amadziwa kuti wodya mbewu wadya zokolola za chaka chamawa. Munthu wa m'tauni, amene alibe munda ngakhale dimba, mbewu yake ndi mpamba. Mayi wokazinga mandasi ku Chinsapo, mnyamata wowotcherera mafelemu a mazenera ku Kawale, makaniko wa ku Biwi ndi bambo wopikulitsa mtedza ku Mgona, onsewa amadya lero ndi mawa pokhapokha mpamba wawo ukakhala wamoyo.

Sabata ino ndifuna kulankhula nanu atsogoleri a Chipani, kuyambira apampando a nthambi kufikira akuluakulu a m'maboma, pamodzi ndi inu anzathu ogwira ntchito m'Boma. Mfundo yanga ndi imodzi. Malonda ang'onoang'ono ambiri m'malokeshoni a mzinda wa Lilongwe amafa chifukwa mpamba wadyedwa, ndipo ena mwa odya mpambawo ndi anthu a maudindo m'Chipani ndi m'maofesi a Boma. Mawu otere sakoma kuwamva, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

MZINDA WA ANTHU A GENI

Ndi bwino tiyambe takumbukira m'mene mzinda uno udakulira. Pa kalembera wa chaka cha 1966 mu Lilongwe mudali anthu osakwana 20,000. Boma la malemu Dr. H. Kamuzu Banda litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo mu 1975 likulu la dziko lino lidakhazikika ku Lilongwe. Pofika chaka cha 1977 anthu adali atakwana pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. Pa zaka 41 zokha chiwerengero chidachuluka kakhumi.

Maofesi a ku Capital Hill ndi mafakitale a ku Kanengo sakadatha kulemba ntchito namtindi wa anthu wotere. Amene adapeza mapuloti ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 ndi ku Area 25 adadzimangira nyumba zawo, ndipo amene adasowa puloti adakhazikika ku Chinsapo, ku Mgona ndi malo ena kumene nyumba zidamera misewu ndi mipope isanafike. Onsewa adafunika kudya, kuvala, kumetetsa, kusoketsa ndi kukonzetsa njinga, motero adayamba kugulana okhaokha. Lero wofuna makaniko kapena sipeya ya galimoto amalunjika ku Biwi. Wofuna mipando, bedi kapena bokosi la maliro amapita ku Mchesi. Wofuna mtedza ndi soya wa matumba amapita ku Mgona, ndipo msika wa Nsungwi ku Area 25 umadzaza kuyambira m'mamawa mpaka kugwa kwa mdima. Palibe nduna imene idabwera kudzatsegulira malonda amenewa. Anthu adayamba okha ndi kangachepe kamene adali nako.

Kafukufuku wa FinScope wa chaka cha 2019 adapeza kuti m'dziko muno mudali mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati oposa 1.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 9 mwa 10 alionse adali osalembetsa ku Boma. Onse ogwira ntchito m'Boma titawasonkhanitsa pamodzi, ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi khamu limeneli. Anthu a geni ndiwo amadzaza misonkhano yathu, ndiwo amalipirira ana sukulu m'malokeshoni, ndiwonso amalemba ganyu achinyamata amene sadapeze malo m'maofesi. Chipani chimene sichisamala za mpamba wawo chikuiwala eni ake a mphamvu zimene chili nazo.

PHUNZIRO LA MASITOLO OTSEKEDWA

Dziko lino lidaphunzira kale kuti kukhala ndi sitolo ndi kwina, kuisunga ndi kwinanso. Kuyambira m'chaka cha 1970 Boma lidalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera a kumidzi, ndipo pofika 1978 adaloledwa kuchita malonda m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu yokha. Cholinga chidali chakuti Amalawi atenge malondawo m'manja mwawo. Masitolo a Chipiku adatsegulidwa m'madera ambiri kuti eni magolosale azipikula katundu pafupi. Nyumba za masitolo zidalipo, ogula adalipo, kopikula kudalipo. Komabe pasanapite zaka zambiri masitolo ochuluka adatsekedwa, ndipo oyenda m'misewu ya m'maboma amaonabe ena mwa makonde awo atasanduka mogona mbuzi.

Ambiri mwa amene adalowa m'masitolomo adali ndi mpamba wochepa, sadazolowere kusunga mabuku, ndipo adalephera kukaniza abale ngongole. M'zaka zimenezo kudabadwa bungwe la DEMATT mu 1979 lophunzitsa amalonda, la MUSCCO mu 1980 lolimbikitsa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, ndi la SEDOM mu 1982 lokongoza eni ntchito zing'onozing'ono. Ku Mponela kudatsegulidwanso sukulu ya MEDI yosula anthu ofuna kuyamba mabizinesi awo. Zaka zoposa 40 zapita, koma matenda amene adatseka masitolo aja ndi omwewo amene akutseka maokala ku Area 23 lero.

MWINI WAKE AKAYAMBA KUDYA

Wodya mpamba woyamba kawirikawiri ndi mwini wake, ndipo amaudya osadziwa. Tiyerekeze kuti bambo wina watsegula okala ndi mpamba wa K300,000. Wapikula sopo, shuga, mchere, machesi ndi mafuta ophikira, ndipo pakutha pa mwezi wagulitsa zonse ndi kupeza K345,000. Phindu lake ndi K45,000. Koma tsiku lililonse amatapa K2,000 m'kabati kugulira ndiwo ndi makala, zimene pa mwezi zikwana K60,000. Mwezi wachiwiri apikula ndi K285,000, ndipo popeza katundu wachepa, phindu nalonso lichepa, pamene ndiwo za kunyumba sizichepa. Tikawerengetsa bwino, pakutha pa miyezi 7 mpamba watsala wosafika theka, ndipo pakutha pa miyezi 10 mashelefu ali pululu. Apatu sitidawerengere lendi, chiphaso cha khonsolo ndi malipiro a kabaza wonyamula katundu.

Bamboyu tsiku ndi tsiku amaona ndalama m'kabati, choncho savomera kuti okala yake waidya yekha. Ayamba kunena kuti wina akumubera ndi chitaka, kapena kuti mnzake wa okala yoyandikana wamupitira kwa sing'anga. Kandalama kotsala akapereka kwa sing'anga wakenso, ndipo udani ubuka pakati pa anansi. Mankhwala a chitaka chotere ndi kope ndi cholembera. Chilichonse chopikulidwa chilembedwe, chogulitsidwa chilembedwe, ndipo Loweruka lililonse katundu wotsala awerengedwe. Mwini malonda adziikire malipiro ake ochepera phindu, ndipo banja lidye malipirowo basi. Ndalama za malonda zikhale ndi thumba lakelake. Chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi Mpamba wa TNM mu 2013, ngakhale wogulitsa matimati pa benchi angathe kusunga ndalama za geni m'foni, kutali ndi dzanja lotapa.

Pali chinanso chimene chimadya mpamba mwakachetechete, ndicho kugwa mphamvu kwa Kwacha. Mu May 2022 Kwacha idatsitsidwa ndi 25 pa 100 aliyense, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100 aliyense, moti dola imodzi ya ku America idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Wogulitsa kaunjika kapena masipeya amene adapikula katundu wa K100,000 lisanafike tsiku limenelo adafunika ndalama zokwana pafupifupi K144,000 kuti apikulenso katundu yemweyo. Amene adagulitsa pa K120,000 adasangalala kuti wapindula, koma atabwerera kokapikula adapeza kuti ndalamazo sizikukwana katundu amene adali naye poyamba. Wamalonda aphunzitsidwe kuika mtengo poyang'ana kumene akukapikula mawa. Kutero sikufanana ndi umbava wobisa katundu kuti mitengo ikwere, umene Chipani chimadana nawo ndipo lamulo limaletsa.

Mawu amenewa akukhudzanso inu ogwira ntchito m'Boma amene mukuyandikira kupuma. Ambiri adalandira ndalama zawo zopumira ntchito ndi kuzithira zonse pa minibasi kapena chigayo, asanagulitseko ngakhale mulu wa matimati m'moyo wawo, ndipo pakutha pa zaka ziwiri adatsala ndi chitsulo chogona pa njerwa kuseri kwa nyumba. Udindo wa mu ofesi suphunzitsa munthu malonda. Yambani pang'ono mukadali pa ntchito, m'nthawi yanu ndi ndalama zanu, ndipo musachite manyazi kufunsa mayi wa pa msika amene wakhala pa geni zaka 20. Safunsa adadya phula.

KOPE LA NGONGOLE

Wodya mpamba wachiwiri ndi wongongola amene sabweza. Pafupifupi okala iliyonse m'malokeshoni ili ndi kope la ngongole, ndipo ndani sadziwa kuti maina ambiri m'makope amenewa ndi a anthu olandira malipiro pa mwezi? Mphunzitsi, kalaliki, wapolisi ndi mesenjala amatenga shuga, buledi ndi mafuta ponena kuti alipira mwezi ukatha. Mwini okala amawakhulupirira chifukwa ndi anthu a Boma. Mwezi ukatha ena amalipira, ndipo amenewo tikuwathokoza. Koma ena amayamba kudzera njira ya kuseri, ndipo akasamutsidwa kupita ku boma lina amanyamuka usiku osatsazika. Ngongole ya K20,000 kwa wolandira malipiro ndi yaing'ono, koma anthu otere akakwana asanu, atenga limodzi mwa magawo atatu a mpamba wa okala ija.

Choipa kuposa pamenepa ndi kutenga katundu m'dzina la Chipani. M'maulamuliro osiyanasiyana chiyambire 1994 kwamveka madandaulo akuti achinyamata ena ovala makaka a chipani cholamula amatolera ndalama m'misika ndi m'madepoti a minibasi, amagawa malo ogulitsirapo ngati awo, ndipo amadya chipisi ndi kanyenya osalipira. Kwamvekanso za atsogoleri amene pokonza msonkhano amayenda m'magolosale kupempha zakumwa mwa njira yakuti mwini golosale sangathe kukana. Chopereka chochokera pansi pa mtima ndi cholandirika, koma chopereka chochokera m'mantha ndi kulanda. Msonkho wa pa msika ndi wa khonsolo ya mzinda, ndipo wotolera aliyense ayenera kupereka chiphaso. Wovala nsalu kapena malaya a Chipani amene agwira ndalama ya wogulitsa masamba popanda chiphaso akudetsa dzina la Mtsogoleri wathu ndi la Chipani chonse, ndipo wapampando amene amuona nakhala chete ali naye limodzi pa mlanduwo.

NGONGOLE YA BOMA SI MPHATSO

Tifike tsopano pa mpamba waukulu, umene uli wa mtundu wonse. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 alimi a m'makalabu m'dziko muno adatchuka ngakhale kunja chifukwa chobweza ngongole za feteleza ndi mbewu. Zaka zambiri ndalama zobwezedwa zinkapitirira 90 pa 100 aliyense, chifukwa kalabu yonse inkadziwa kuti mmodzi akalephera, onse sakongolanso chaka chotsatira. Kenaka kudagwa chilala cha 1992, ndipo m'nyengo ya riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 mawu adafala m'midzi akuti ngongole ya Boma siyofunika kubweza. Alimi ambiri adaleka kubweza, bungwe la SACA limene linkayendetsa ngongolezo lidagwa, ndipo ntchito yake idaperekedwa ku kampani ya Malawi Rural Finance Company mu 1994. Mwambo wobweza ngongole umene udamangidwa pa zaka 20 udagumuka pa zaka ziwiri kapena zitatu chifukwa cha lilime la ndale.

Chiyambire pamenepo maboma onse ayesa kutsegula matumba okongoza anthu a geni. Mu 2005 kudabwera thumba la MARDEF, mu 2010 la achinyamata la YEDEF, mu 2014 matumbawa adaphatikizidwa kukhala MEDF, ndipo mu 2020 thumbalo lidapatsidwa dzina la NEEF. Maina adasintha, koma dandaulo lidali limodzimodzi nthawi zonse, lakuti ndalama zambiri zotuluka sizidabwerere. Thumba lotere limayenera kuzungulira. Gulu la amayi a ku Chinsapo likabweza, ndalama zomwezo zimakongozedwa kwa achinyamata a ku Mgona, iwonso akabweza zimapita kwa amisiri a ku Kawale. Mmodzi akadya, onse a pambuyo pake pa mzere atsala manja lende, ndipo Boma liyenera kutapanso m'misonkho imene ikadagula mankhwala m'zipatala.

Tonse tikudziwa m'mene ndalama zotere zimatayikira. Mbiri ikamveka kuti ngongole zikubwera, magulu amabadwa usiku umodzi. Pa mndandanda pamalembedwa mkazi wa mtsogoleri, mlamu wake, mphwake ndi anyamata oimba pa misonkhano, anthu amene alibe benchi kapena lumo lometera. Ndalama zikafika amagula foni, sofa ndi zovala, ndipo wotolera ngongole akabwera amamuuza kuti izi n'zothokoza chifukwa adavota bwino. Pamenepo mayi amene wakhala akukazinga zitumbuwa zaka 10, wodziwa mtengo wa ufa ndi mafuta pa tsiku lililonse, dzina lake silidalembedwe chifukwa sadziwana ndi wolemba. Iyeyo amathera kwa katapila, kumene kawirikawiri wokongola K50,000 amabweza K75,000 mwezi ukatha, ndipo akachedwa amamulanda mbaula, poto ngakhale matiresi.

Tiyang'ane m'mene amayi omwewo amachitira m'mabanki m'khonde ndi m'magulu a chipereganyu. Kumeneko kulibe loya, kulibe wapolisi, nthawi zina kulibe ngakhale chikole, koma ndalama zimabwezedwa, ndipo pakutha pa chaka amagawana phindu mwa chimwemwe. Chinsinsi chake n'chakuti aliyense amadziwa mwini ndalamazo, amakhala naye moyandikana ndipo amakumana naye pa mjigo. Anthu athu si akuba. Amabweza ngongole imene akudziwa kuti ili ndi mwini wake. Ntchito ya mtsogoleri wa Chipani ndi kuwauza mosabisa kuti ndalama za thumba la Boma nazonso zili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anansi awo amene akudikira pa mzere.

Ena adzafunsa kuti, kodi Chipani sichiyenera kukumbukira anthu amene adachivutikira pa dzuwa ndi pa mvula? Funso limeneli ndi lomveka, ndipo palibe amene akuti membala wa Chipani asakongole. Ngati ali ndi malonda enieni ndipo angathe kubweza, akongole monga Mmalawi wina aliyense, ndipo akhale woyamba kubweza kuti ena aonerepo. Koma kupatsa munthu wosadziwa malonda ngongole ya malonda ndi kumutchera msampha, pakuti maboma amasintha koma dzina lake limatsala m'buku la angongole. Amene adakongola mwa njira imeneyi m'maulamuliro apitawo akudziwa m'mene makalata olonjerera amawawira. Njira yabwino yothokozera anthu athu ndiyo kusunga thumba kuti likhalepo mawa pamene ana awo adzalifune.

ZOCHEDWA ZA MU OFESI

Wodya mpamba wina amakhala pa desiki. Munthu wofuna kuti malonda ake adziwike ku Boma ayenera kulembetsa dzina la bizinesi ku ofesi yolembetsa mabizinesi, kutenga chiphaso ku khonsolo ya mzinda ndi nambala ya msonkho ku MRA, ndipo ngati akupanga zakudya zoika m'mapaketi kapena m'mabotolo, katundu wake ayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Malamulo amenewa ndi abwino, chifukwa amateteza ogula ndipo amatsegulira wamalonda khomo la banki. Koma kwa telala wa ku Area 25, tsiku limene wapita ku ofesi ndi tsiku limene makina ake agona. Akauzidwa kuti abwere mawa, walipira minibasi kawiri ndipo wataya makasitomala a masiku awiri. Akauzidwa kuti fayilo yasowa mpaka atapereka ya fanta, waphunzira kuti kulembetsa ndi chilango, ndipo akauza anzake 10 kuti asayerekeze. Tisadabwe tsono kuti 9 mwa 10 adapezeka osalembetsa.

Mu 2020 Boma lidakhazikitsa lamulo lakuti zina mwa zinthu zimene maofesi ake amagula zizigulidwa kwa amalonda ang'onoang'ono ndi apakati. Ganizo limeneli ndi labwino, koma limasanduka msampha ngati malipiro achedwa. Tiyerekeze kalipentala amene wapatsidwa oda ya madesiki 100 a sukulu. Wathira mpamba wake wonse pa matabwa, misomali ndi vanishi, wakongolanso kwina kuti alipire anyamata ake. Madesiki waperekadi, ana akhalira, koma pepala lake lolipirira lagona pa desiki la wina miyezi 8. Pamene ndalama zikutuluka, matabwa akwera mtengo, wokongoza uja wamulanda zipangizo, ndipo anyamata ake abalalika. Kampani yaikulu ingathe kudikira chifukwa ili ndi banki kumbuyo kwake. Kalipentala wa ku Kawale alibe kumbuyo. Inu osainira mapepala olipirira, dziwani kuti pepala lililonse logona pa desiki lanu ndi mpamba wa munthu.

Kunena za dongosolo la m'misewu, Chipani chili kumbali ya lamulo. M'chaka cha 2006 Boma lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda ndi kuwalozera ku misika, ndipo chiyambire pamenepo nkhondo ya khonsolo ndi mavenda imabuka chaka ndi chaka. Mzinda wa likulu sungakhale wopanda dongosolo, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 udatiphunzitsa kuopsa kogulitsa zakudya pamalo opanda madzi ndi zimbudzi. Komabe kulanda dengu la nthochi ndi kugawana nthochizo kuseri kwa galimoto sikubweretsa dongosolo, kumangowonjezera wopemphapempha mmodzi m'tauni. Wolakwa alipitsidwe monga mwa lamulo, apatsidwe chiphaso ndipo katundu wake abwezedwe. Khonsolo nayonso ionetse kumene msonkho wa pa msika ukupita, pomanga mashedi, zimbudzi ndi mipope, kuti wogulitsa aone ubwino wolowa mu msika.

NTCHITO YA NTHAMBI

Pali amene adzati mavuto enieni a amalonda ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kuthimathima kwa magetsi, kukwera mtengo kwa mafuta a galimoto ndi chiwongola dzanja cha m'mabanki. Zimenezi n'zoona, ndipo wowotcherera kapena wometa amene magetsi amuthimira tsiku lonse safuna wina womuuza. Mavuto amenewo ali m'manja mwa Boma ndi nduna zake, ndipo kutha kwake kumatenga nthawi. Koma kubweza ngongole ya pa okala sikudikira ndalama zakunja. Kulemba mndandanda woona wa oyenera kukongola sikufuna magetsi. Kusaina pepala lolipirira kalipentala sikufuna mafuta. Pamene nyengo yavuta m'pamene mbewu yotsala iyenera kusamalidwa koposa.

Choncho ndikupempha nthambi iliyonse ya Chipani ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25, ku Mgona ndi m'malokeshoni ena onse kuti pa msonkhano wake wotsatira ikambirane nkhani imeneyi poyera. Atsogoleri ayambe ndi iwo eni. Amene dzina lake lili m'kope la okala akalipire mwezi uno usanathe, ndipo amene adakongola ku thumba la Boma, kaya m'ulamuliro uno kapena wapitawo, akakambirane ndi eni thumba za kabwezedwe. Mtsogoleri wa ngongole sangaime pamaso pa anthu ndi kuwauza kuti abweze.

Ngongole zikalengezedwa, maina a ofuna kukongola awerengedwe pa msonkhano wa anthu onse, mafumu a m'madera ali pomwepo, ndipo aliyense wolembedwa aonetse pamene pali malonda ake. Wovota mbali ina asachotsedwe pa mndandanda, pakuti Boma ndi la Amalawi onse, ndipo misonkho imene idadzaza thumbalo idachokera kwa onse. Amayi a Chipani, amene ambiri a iwo ndi akatswiri a banki m'khonde, atsogolere pophunzitsa kasungidwe ka kope la malonda. M'nthambi iliyonse muli mphunzitsi, kalaliki wa za ndalama kapena wopuma ntchito wodziwa masamu, amene angapereke ola limodzi Loweruka masana kuthandiza anansi ake kuwerengetsa phindu. Achinyamata amene ali ndi luso la manja alozeredwe ku TEVETA, bungwe limene lidakhazikitsidwa mu 1999, ndi ku sukulu za ntchito zamanja monga Lilongwe Technical College, kuti luso lawo likhale ndi satifiketi. Ndipo wachinyamata aliyense wotolera ndalama pa msika m'dzina la Chipani akanenedwe kwa akuluakulu a Chipani ndi ku polisi tsiku lomwelo.

Kwa inu a m'maofesi pempho ndi lalifupi. Wobwera kudzalembetsa malonda ake muthandizeni tsiku lomwelo, mumufotokozere m'Chichewa chomveka zonse zofunika kuti asayende kawiri, ndipo musamupemphe kanthu. Wopereka katundu ku Boma alipidwe pa nthawi imene mudagwirizana. Malipiro anu amachokera m'misonkho, ndipo misonkho imachuluka pamene okala yakula kukhala golosale, golosale kukhala sitolo yopikulitsa, ndi shedi ya kalipentala kukhala fakitale yolemba anthu 20.

Chipani chathu chidapatsidwa udindo wolamula ndi anthu omwewa a m'misika ndi m'mashedi, ndipo tsiku lidzafika limene tidzabwerere kwa iwo kukapempha kuti atikhulupirirenso. Pa tsikulo mayi wa mandasi sadzawerenga misonkhano imene tidachititsa kapena nyimbo zimene tidaimba. Adzayang'ana ngati beseni lake ladzaza kuposa kale, ndipo adzakumbukira dzina la aliyense amene adatenga mandasi ake osalipira. Tiyeni tigwire ntchito imeneyi mwa umodzi ndi mokhulupirika, kuyambira pa nthambi mpaka ku Capital Hill.